Agogo Sanakwere Mutu wa Sitima

Loweruka, 14 Novembala 2009

Ndili patebulo la kukhitchini kwa Anti Lonjezo ku Lawrence. Nthawi yangopitirira 5 koloko madzulo. Mapazi ndawaviika m'beseni la madzi ofunda chifukwa zala zinasiya kumva. Agogo ali pabalaza, akupukuta chipewa chawo cha ntchito ndi mswachi wakale.

Sanakwere. Dzulo tinayenda maola atatu kuchokera ku South Bend, kumene timakhala. Lero taima pamphepo pafupifupi maola asanu. Agogo sanakwere mutu wa sitima, ndipo Lachiwiri akubwerera ku Malawi.

Ndikulemba m'Chichewa ngati masiku onse, poti mng'ono wanga Tadala amachimva koma kuwerenga satha. Ndilemba zonse, ndi nthawi yake yomwe, kuti mawa ndisadzayambe kudzinyengerera kuti mwina sizinaipe kwenikweni. Ine ndimatero. Munthu akandiponda phazi, wopepesa ndimakhala ine.

Agogo ndi bambo awo a amayi anga ndi a Anti Lonjezo. Anayendetsa sitima zaka makumi atatu, kuchoka ku Limbe kupita ku Balaka, ku Salima, ndi kumunsi ku Nsanje. Phokoso la injini linawadya makutu. Lakumanzere linafa. Lakumanja limamva ukayandikira n'kukweza mawu. Chingerezi amachidziwa, koma cha kuno, chothamanga ngati munthu akutafuna chingamu, sachigwira. Choncho miyezi itatu imene akhala nafe, kulikonse kumene tapita ine ndimaima kudzanja lawo lamanja n'kumawauza zimene zanenedwa. Amanditchula kuti Mayi, chifukwa dzina langa la Esitere linali la mayi awo.

Ku South Bend m'mawa uliwonse amapita kukaima pafupi ndi njanji, wotchi m'manja, kuonerera sitima ya anthu opita kuntchito. Sitimayo imayendera magetsi, ilibe mutu wokoka.

"Iyi si sitima, Mayi," amatero. "Awa ndi mabasi omangirizana."

Chimene ankafuna ndi chimodzi: mutu weniweni wa dizilo wa kuno, akwere, akhale pampando wa dalaivala ngakhale mphindi zisanu zokha. Ndiponso aone ndi maso bogi yosanja, ija ya mipando pansi ndi m'mwamba, chifukwa akuti anzawo ku Limbe adzawanena kuti ndi abodza.

Ndinafufuza pakompyuta ya kulaibulale ya kusukulu. Ndinapeza yadi ina pafupi ndi Beech Grove, ya kagulu ka anthu okonda sitima, kumene amasungirako mitu yopuma ntchito ndi mabogi osanja amene kale ankanyamula anthu opita kuntchito. Analemba kuti amatsegula Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ukabukiratu umakwera m'chipinda cha dalaivala.

Ndinaimba foni katatu. Ine, amene ndimaopa ngakhale kuitanitsa pitsa. Ndinalemba mawu anga papepala n'kumawerenga. Koyamba palibe anayankha. Kachiwiri bambo wina anati ndiimbenso tsiku lina. Kachitatu, Lachinayi la sabata yatha nthawi ya 4:10, mayi wina anati tabukidwa, Loweruka 11:30. Ndinafunsa ngati munthu wa zaka 71 amaloledwa kukwera. Anati palibe vuto lililonse. Ndinafunsanso kachiwiri. Anaseka n'kunena kuti palibe vuto, mwanawe. Pepala lija ndili nalo pano.

Lero Agogo anadzuka 5 koloko kukasita. Anavala jekete lawo la ntchito labuluu, mabatani akuwala, chipewa, ndi kansanza m'thumba, poti akuti dalaivala sagwira chitsulo ndi dzanja lokha. Ananyamula zonsezi kuchokera ku Malawi m'sutikesi imodzi, n'kusiya nsapato zina kuti zikwane.

10:40, Anti anatitsitsa pageti. Iwo ndi namwino, anali ndi ntchito kuchipatala m'tauni.

"Ndili pa shifiti mpaka 3, ndidzakupikani pompano," anatero. "Esitere, uziyankhula, wamva? Osamangomwetulira ngati mwana wa pakalendala."

10:50, tinafika pawindo la matikiti. Panali mayi wina akudya tchipisi za m'paketi, foni pakhutu. Agogo anavula chipewa, anawomba m'manja pang'onopang'ono kupempha malo. Mayiyo sanadzutse mutu. Mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinaziwerenga pawotchi ya Agogo. Ndikudziwa tsopano kuti galu wa mlamu wake ali ndi vuto la impso.

Atamaliza, ndinatchula dzina. Anatsegula kabuku, anatseka. Anati dzina lathu mulibe. Ndinati ndinaimba Lachinayi 4:10. Anati foni imeneyo amayankha anthu ambiri, sangadziwe kuti ndinayankhula ndi ndani. Komabe matikiti anatigulitsa: madola khumi ndi awiri aliyense olowera, ndi makumi awiri okwerera m'mutu. Dzina mulibe, koma dzanja lolandirira linalipo. Anati tidikire bambo wosunga makiyi. Kenaka analoza Agogo ndi chala cha mchere wa tchipisi, n'kundifunsa ngati mdalayo mutu wake ukuyenda bwino, nanga akuwomberanji m'manja.

"Akuti chiyani, Mayi?" anafunsa Agogo.

Ndinayandikira khutu lawo. "Akuti takulandirani."

"Aa, zikomo, zikomo," anatero Agogo, akuwerama.

Limenelo linali bodza langa loyamba.

Chipinda chodikirira chinali chokhoma. Pachitseko anamata pepala loti chotenthetsera chinawonongeka. Mabogi osanja aja analipo atatu, onse okhoma. Tinasuzumira pagalasi lakuda ndi fumbi. Agogo anapukuta ndi kansanza kawo n'kuona timasitepe topita m'mwamba, ndi mzere wa mipando ya munthu mmodzimmodzi kumtundako. Anaseka ngati mwana.

"Taona! Kondakitala amangoyenda pansi n'kumatambasula dzanja m'mwamba. Anthu awa ndi aulesi anzeru."

Ine sindinaseke. Ndinkaganiza kuti madola khumi ndi awiri aja ndi a chiyani. Oonera fumbi?

11:30 inakwana. Palibe munthu. 11:55 ndinabwerera pawindo. Mayi uja anati bambo wa makiyi wapita kukadya. Kukadya! Nthawi yomwe anatipatsa okhayo ndiyo nthawi ya chakudya chake? Ndiye ankatibukira kuti tidzaonerere geti? 12:40 ndinapitanso. Anati iye si mayi wake wa bamboyo ndipo samusunga m'thumba.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ali m'njira, Agogo."

Tinakhala pabenchi lachitsulo. Mphepo inkadutsa pakati pa mabogi ngati yatumidwa. Ine ndinavala nsapato za kutchalitchi, poti ndinkaganiza kuti tidzajambulitsa. Agogo sanadandaule. Anadzuka n'kuyamba kuzungulira mutu waukulu uja, wasiliva ndi mizere yofiira yofwifwa, kunja kwa chingwe chimene anatchingira. Ankayenda pang'onopang'ono manja kumbuyo, ngati dokotala m'wodi. Anawerama kuona mawilo. Ananunkhiza. Kenaka anabwerera m'mbuyo, anayang'ana padenga, nkhope inasintha.

"Mayi, tabwera. Ukuona potulukira utsi apo?"

Ndinaona kabowo kakuda pamwamba.

"Chumuni chili pululu. Mvula ikulowa, sinowo akulowa, mbalame zikumanga. Zonsezo zikutsikira m'kati mwa injini. Kwathu mutu ukapuma ntchito tinkadula chidebe, kuvundikira chumuni, kumanga ndi waya. Ndipo wokwera kukavundikira amakhala amene anauyendetsa komaliza. Ine ndinavundikira itatu."

"Ngakhale sudzayendanso?"

"Makamaka ngati sudzayendanso. Unanyamula anthu zaka zonsezi, ndiye uziwolera m'mimba anthu akuujambula? Akabwera mwini makiyiyo umuuze. Umuuze bwinobwino kuti ndanena ndine."

Ndinati ndimuuza.

1:20, bambo wa makiyi anatulukira. Kapu ya khofi m'manja, makiyi akulira m'chiuno ngati belu la ng'ombe. Sanali yekha. Anali ndi azibambo anayi a makamera, akumutchula dzina loyamba, akuseka. Ndinaimirira ndi matikiti m'manja. Anatidutsa ngati ndife zikwangwani. Anamasula chingwe, anatsegula chitseko, anzakewo anakwera. Mmodzi anali ndi ndodo yoyendera, tsitsi loyera kuposa la Agogo, ndipo anachita kumukankha kumbuyo kuti afike pamwamba. Ndinaona pawindo wina atakhala pampando wa dalaivala, mapazi atasanjika pa zogwirira. Agogo anaonanso. Anangotembenuka n'kuyang'ana kumabogi.

Anakhalamo mphindi makumi asanu ndi zisanu.

2:15, anatsika. Ndinapita. Ndinamuonetsa matikiti. Anayang'ana Agogo kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, koma anayankhula ndi ine. Anati papepala lake palibe dzina lathu. Ndinati mayi wa pawindo watigulitsa tikiti yokwerera. Anati zimenezo ndi za pawindo. Anati komanso munthu wamkulu chonchi sangakwere, inshuwalansi silola. Inshuwalansi yomweyo imene yangolola wa ndodo uja? Imaona nkhope? Sindinafunse. Ndikufunsa pano, m'buku, mmene ndimachitira nthawi zonse.

Anatinso munthu wosamva Chingerezi sangatsate malamulo a chitetezo. Pamenepo ndinalimba mtima pang'ono. Ndinati agogo angawa anayendetsa sitima zaka makumi atatu ku Malawi, ku Africa. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mphaka.

Anaseka. Anatembenukira anzake aja n'kubwereza kuti amve. Anafunsa ngati ku Africa kuli sitima. Anafunsa kuti kapena inali ngolo, n'kuchita manja ngati akukwapula ng'ombe. Kenaka anagwira batani la jekete la Agogo ndi zala ziwiri, n'kufunsa kuti chovala chimenechi tinagula sitolo iti, poti Halowini, tsiku lija anthu amavala zovala zachilendo zoseketsa, inatha sabata ziwiri zapitazo.

Batani lija Agogo analipukuta m'mawa ndi mankhwala otsukira mano.

"Akuti chiyani, Mayi?"

Ndinayandikira khutu lawo. Ndinkamva fungo la sopo wa Anti pakolala yawo.

"Akuti pepani kwambiri, makwerero athyoka, akuopa mungavulale. Akutinso jekete lanu ndi lokongola."

Agogo anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anavula chipewa pamphepo ija, anawerama, n'kumuthokoza bamboyo m'Chingerezi. Anamuthokoza! Azibambo aja anasekanso.

"Wamuuza za chumuni?" anatero Agogo.

Ndinatembenukira bamboyo. Ndinatsegula pakamwa. Anali akuyang'ana kale wotchi yake. Ndinamuuza kuti agogo akuti zikomo.

2:25 anakhoma chitseko n'kumapita. Ndinathamangira pawindo kuti mwina mayi uja anganene kanthu. Linali lotseka, atapachika kapepala koti abwera posachedwa. Posachedwa wake sanakwane mpaka Anti anafika 3:35.

Ndiye ndili ndi mafunso, ndipo ndiwalemba onse. Ndani anayankha foni Lachinayi? Analemba dzina lathu pati, pamphepo? Ngati wa zaka 71 saloledwa, bwanji ananena kawiri kuti palibe vuto? Ngati dzina munalibe, tikiti yokwerera anatigulitsiranji? Ndi lamulo liti limene limati munthu wogontha chifukwa choyendetsa sitima asakwere sitima yoima, yozima, yomangidwa ndi chingwe? Akanaiba? Akanapita nayo ku Limbe? Ndipo amati amakonda sitima. Amazikonda bwanji zikuwola m'kati, pomwe munthu yekhayo amene anaziyang'ana ngati zamoyo anamusiya pabenchi?

M'galimoto Anti anafunsa kuti zayenda bwanji. Ine ndinati bwino. Agogo anati taona zambiri. Anti anationa pagalasi koma sanafunsenso.

Titafika, Anti anapita kukagula zakudya. Ine ndinakhala pano kuvula nsapato, zala zitayera. Agogo ndiwo anatenga beseni, anathira madzi, anayesa ndi chigongono ngati akusambitsa khanda, n'kuliika pamapazi anga. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane.

"Mayi, ukudziwa kuti m'mutu wa sitima simumveka mawu?"

Ndinapukusa mutu.

"Injini ikalira, ngakhale ukuwe, mnzako samva. Ine ndi wondithandiza tinkayankhulana ndi milomo basi. Iye uko, ine kuno, kumangoonana pakamwa. Chichewa, Chisena, Chingerezi. Zaka makumi atatu. Makutu anafa, koma maso ali moyo."

Madzi aja anali ofunda koma ndinazizidwa thupi lonse.

"Sindinagwire zonse, mzungu uja amayankhula ngati watsekera mbatata m'kamwa. Koma Africa ndinaigwira. Ngolo ndinaiona ndi manja ake. Ndipo makwerero othyoka aja, anthu anayi anakwerapo ine ndikuona, wina mimba ngati thumba la feteleza."

Ndinayamba kulira. Ndinati pepani, Agogo.

"Za ngolo sananame kwenikweni," anatero. "Ndinayendetsapo ndili wamng'ono ku Ntcheu. Ng'ombe zake zinali ndi ulemu kuposa iye."

Ndinaseka ndikulira, mamina ndi misozi pamodzi. Ndinafunsa kuti nanga anamuthokozeranji.

"Ndinaona milomo yako ikunjenjemera. Ndikanakalipa, womasulira akanakhala iwe, wolira akanakhalanso iwe. Chipewa kuvula sikupweteka."

Kenaka mawu awo anasintha, anakhala a pantchito, amene sindinawamvepo.

"Mwano wa munthu uja ndi wake, agona nawo yekha. Kusakwera kwandipweteka, sindikubisira. Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi ichi: ndinakutuma za chumuni, iwe unakanena zikomo. Ndinaona. Panjanji uthenga sitikometsa, Mayi. Akakuuza kuti mlatho wakokoloka, supita kukauza dalaivala kuti kutsogoloku kuli timadzi. Umanena mmene wauzidwira, ngakhale mawu ako anjenjemere."

Anadzuka, anandigwira pamutu, n'kupita pabalaza kukatenga chipewa chawo.

Ndakhala pano theka la ola. Ndakwiyira mayi wa tchipisi. Ndakwiyira bambo wa makiyi, ndi zala zake ziwiri pabatani. Ndakwiyira azibambo anayi aja, amene palibe ngakhale mmodzi anati iyayi, musatero. Koma iwo aja sakuwadziwa Agogo. Ine ndikuwadziwa. Miyezi itatu yonseyi, kusitolo, kuchipatala cha maso, kubanki, ndakhala ndikusefa mawu a anthu kuti afike kwa Agogo osalala. Ndimaganiza kuti ndikuwateteza. Kani iwo akuona zonse, n'kumawerama kuti ateteze ine. Lero tonse awiri tinawerama, ndipo bambo uja wapita kunyumba akuganiza kuti anthu a ku Malawi ukawanyoza amathokoza.

Ndamva chitseko cha garaja. Ndasuzumira. Agogo apeza chidebe chachitsulo cha penti chopanda kanthu ndi waya wa hang'ala yopachikira zovala, aziika pafupi ndi nsapato zawo pakhomo.

Anti akabwera ndiwauza zonse, kuyambira pa takulandirani mpaka pa zikomo. Adzakalipa, ndipo adzafuna kukayankhula okha. Ndiwapempha kuti angotiperekeza n'kuima kumbuyo. Mawa kutchalitchi aliyense amene ali ndi kholo lobwera kudzacheza ndimuchenjeza za yadi imeneyi: asadalire foni, asagule tikiti asanaone munthu wa makiyi ndi maso, ndipo avale masokosi awiri.

Yadi imatsegula 1 koloko Lamlungu. Tikatuluka m'tchalitchi tipita. Nditenga matikiti onse atatu, pepala la Lachinayi, ndi buku lino. Ndikafuna wamkulu wa malowo, ndikamuwerengera nthawi zonse mmene ndazilembera, ndipo ndikamufunsa mafunso anga mmodzimmodzi mpaka ayankhe. Chilichonse chimene akanene ndikawauza Agogo mmene chilili, chokoma kaya chonyansa. Chilichonse chimene Agogo akanene ndikachinena mmene chilili. Kaya akawalola kukwera kaya ayi, sindikudziwa.

Ndikayamba ndi za chumuni.